Kadontho kakuda kuphazi: kuzindikira khansa ya melanoma ndi mmene amaichizira

Khungu la munthu lili ndi timaselo timene timapanga melanin, utoto womwe umachititsa kuti wina akhale wakuda bii, wina woderako, wina woyera. Timaselo timeneti tikayamba kuchulukana mosalamulirika, khansa yake imatchedwa melanoma. Siichuluka ngati khansa zina za pakhungu, koma imapha kuposa zinzake chifukwa sichedwa kulowa m'thupi.

Kumayiko monga Australia ndi New Zealand, komwe matendawa ndi ofala kwambiri, amayamba makamaka chifukwa cha dzuwa lowotcha khungu loyera, ndipo amatuluka kumsana, kumiyendo kapena kumaso. Kwa anthu a khungu lakuda nkhani yake ndi ina. Melanoma imakonda kutuluka kumene dzuwa silifika: pansi pa phazi, kuchidendene, pakati pa zala, m'chikhatho, ndi pansi pa chikhadabo. Madokotala amaitcha acral melanoma. Ndi imene inapha woimba wa ku Jamaica Bob Marley mu 1981 ali ndi zaka 36, itayambira pansi pa chikhadabo cha chala cha kuphazi mu 1977. Choncho mawu akuti khungu lakuda silidwala khansa ndi abodza, ndipo achedwetsa anthu ambiri.

Kuya, osati kukula

Kuti zonse zikubwerazi zimveke, gwirani mfundo imodzi iyi. Melanoma ya kuphazi imayamba ngati kapinga, kuyanga pamwamba pokha. Imatha miyezi, nthawi zina zaka, ili banga lafulati losapweteka. Kenako imazika mizu kulowa pansi, kumene kuli mitsempha ya magazi ndi tinjira tamadzi a m'thupi topita ku mwanabele. Ikafika kumeneko yapeza njira yoyendera.

Dokotala wina wa ku America, Alexander Breslow, anasonyeza mu 1970 kuti chimene chimalosera bwino za moyo wa wodwala ndi kuya kwa khansayo, koyezedwa m'mamilimita. Mpaka lero ndiwo muyezo waukulu. Yosapitirira milimita 1 ndi yopyapyala, ngati khadi la kubanki. Ya mamilimita 2 ili ngati kunenepa kwa mtengo wa machesi. Yopitirira mamilimita 4, mitengo iwiri ya machesi yogundizana, ili kale m'gulu loopsa kwambiri. Mtunda wa pakati pa kuchira ndi kuvutika ndi wochepa chonchi. Ku America, mwa anthu amene khansayi yapezeka isanachoke pakhungu, oposa 9 mwa 10 amakhala ali moyo patatha zaka zisanu. Ikafika ku ziwalo zakutali, amatsala pafupifupi mmodzi mwa atatu, ngakhale kuti kumeneko mankhwala onse alipo.

Kudziyang'ana kunyumba

Kamodzi pamwezi, mutasamba, khalani panja powala masana. Tsukani mapazi bwinobwino, chifukwa fumbi ndi ming'alu ya kuchidendene zimabisa zambiri. Ikani phazi pabondo, muone pansi pake ponse, tambasulani zala chimodzichimodzi, muyang'anenso m'mbali mwa chidendene. Ngati msana sulola, gwiritsani ntchito kalilole kapena pemphani wina ajambule ndi foni. Agogo apakhomo muwayang'anire ndinu. Matendawa amachuluka mwa akuluakulu, ndipo ambiri a iwo sangathe kuona pansi pa phazi lawo. Mukatero onani zikhatho ndi zikhadabo zonse 20. Amene amapaka utoto kuzikhadabo ayambe aufufuta.

Timadontho takuda kuphazi n'tofala mwa anthu akuda, ndipo tambiri tilibe vuto. Kadontho kabwinobwino kamakhala kakang'ono, kamtundu umodzi, kozungulira, ndipo chaka ndi chaka kamangokhala momwemo. Kokayikitsa ndi kamene mbali zake ziwiri sizifanana mukakadula pakati m'maganizo, kamene malire ake ndi okhotakhota kapena akuzimiririka ngati inki yogwera pansalu yonyowa, kamene kali ndi mitundu yosakanikirana, pena bii, pena khofi, pena motuwa kapena mofiira. Kakaposa mamilimita 6, pafupifupi njere ya nandolo, kafunika maso a dokotala. Koma choposa zonsezi ndi kusintha. Banga limene likukula, latukuka pakati, layamba kuyabwa, kutuluka magazi kapena kusanduka chilonda, lisadikire mwezi wamawa.

Kuti mudziwe ngati likusintha, musadalire kukumbukira. Ikani lula kapena ndalama yachitsulo pambali pake, jambulani, lembani tsiku. Bwerezani patatha mwezi, powala mofanana.

Chikhadabo chimafuna kufotokoza kwake. Anthu akuda ambiri ali ndi timizere takuda toyenda kuchokera kutsinde kwa chikhadabo kupita kunsonga, kawirikawiri pazala zingapo, ndipo n'chibadwa chabe. Mzere woopsa umakhala pachala chimodzi, makamaka chachikulu cha kumanja kapena kuphazi. Umakhala wotambalala kuposa mamilimita 3, umakulirakulira, kutsinde n'kotambalala kuposa kunsonga, ndipo kuda kwake kumadumphira pakhungu lozungulira chikhadabo. Kudumpha kumeneku ndi chizindikiro chachikulu. Ambiri amati ndi magazi ogwirana chifukwa anapunthwa pachitsa kapena nsapato inawathina. Kusiyanitsa kwake n'kotere: magazi amayenda limodzi ndi chikhadabo pamene chikukula, moti patatha miyezi iwiri kapena itatu kutsinde kumaoneka koyera. Chikhadabo cha kumanja chimakula pafupifupi mamilimita 3 pamwezi, cha kuphazi theka lake kapena kucheperapo. Khansa siyenda, kutsinde kumakhalabe kwakuda.

Palinso melanoma yopanda utoto, yooneka ngati kanyama kofiira kotuluka magazi kakangokhudzidwa. Iyi imanamiza ngakhale azachipatala. Lamulo lothandiza ndi ili: chilonda chilichonse cha kuphazi chimene chatha miyezi iwiri osapola, chikutsukidwa ndi kumangidwa moyenera, chiyenera kudulidwako kanyama kukayezedwa.

Kwa abale athu achialubino, khansa imene imawavutitsa kwambiri ndi ya mitundu ina yobwera ndi dzuwa, yotuluka kumaso, m'makutu, pamilomo ndi m'khosi. Chipewa chotambalala, zovala za manja aatali ndi mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 50 ndizo chitetezo chawo, ndipo kachilonda kouma kosapola kakufunanso kuonedwa msanga. Melanoma ikawagwira imakhala yofiirira, osati yakuda.

Zimene zimalakwika munthu asanafike kwa dokotala wa opaleshoni

Apa ndi pamene miyezi yambiri imatayika. Wina amaganiza kuti ndi njerewere, n'kumaisepa ndi lezala. Wina amati ndi thekenya kapena minga yotsalira, n'kumaitokosa ndi singano. Chilonda chikakana kupola, pabanja pamamveka zoti anaponda mankhwala, munthu n'kupita kukatemedwa mphini. Ena amachiwotcha ndi mankhwala oyabwa, pamwamba n'kuuma, n'kuoneka ngati chapola. Ndi chikomekome cha mkuyu chimenecho: mizu yatsala pansi ikukula, ndipo kuya kumene dokotala akanayeza kwawonongeka.

Kuchipatala chaching'ono nako zimachitika kuti munthu amangopatsidwa maantibayotiki ndi bandeji ulendo ndi ulendo. Ngati mwabwerera kachitatu ndi chilonda chomwecho, pemphani mwaulemu kalata yokutumizani kuchipatala cha boma, ndipo onetsani zithunzi zanu zija. Ku Malawi odwala otere amathera kuzipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Ku Zambia kuli Cancer Diseases Hospital ku Lusaka.

Dokotala adzaganiziranso matenda ena ofanana nayo. Khansa ina yotchedwa Kaposi sarcoma, yofala kwathu kuno makamaka mwa amene ali ndi HIV, imatulutsanso mabanga akuda kumapazi, koma kawirikawiri amakhala angapo ndipo mwendo umatupa n'kulimba. Matenda a shuga nawo amabweretsa zilonda zosapola. N'chifukwa chake mukauzidwa kuyezetsa HIV ndi shuga, musaone ngati akusocheretsani. Komwe kuli dokotala wa khungu, amayang'ana bangalo ndi kagalasi kokuza kokhala ndi nyale. Pansi pa phazi pali timizere ngati tam'munda. Utoto wa kadontho kabwino umatsata m'makwawa mwake, pamene wa melanoma umakwera pamwamba pa timizereto.

Kudula kanyama kokayeza

Maso okha satsimikiza. Chotsimikiza ndi biopsy. Amabaya jakisoni wochititsa dzanzi pamalopo, ndipo ngati banga ndi laling'ono amalichotsa lonse pamodzi ndi khungu labwino la mamilimita 1 mpaka 3 kuzungulira, kuzama mpaka kumafuta a pansi pa khungu, n'kusoka. Ngati ndi lalikulu moti bala silingatsekeke, amadulako chidutswa pamalo otukuka kapena akuda kwambiri, mozamanso. Kusepa pamwamba pokha n'kulakwitsa, chifukwa a kulabu sadzaona pamene mizu yathera. Ngati ndi chikhadabo, kanyama kamatengedwa kutsinde kumene chimamerera, osati chikhadabo chenichenicho.

Kanyamako kamaikidwa nthawi yomweyo m'botolo la mankhwala oletsa kuwola, formalin wa 10 peresenti, wochuluka kakhumi kuposa kanyamako. Kakaikidwa m'madzi wamba kapena kuuma, kamawola ndipo zotsatira sizituluka. Musanachoke m'chipindamo funsani kuti, “Adokotala, chimene mwachotsachi chipita kulabu?” Chotupa chakuda cha kuphazi sichiyenera kutayidwa, ngakhale chioneke chabwino bwanji. Onetsetsani kuti m'buku lanu la kuchipatala mwalembedwa tsiku, malo a pathupi ndi nambala ya botolo, ndipo siyani nambala ya foni imene imagwira. Zotsatira zimatenga masabata angapo. Zikachedwa, zilondoleni, kukhala chete kwa chipatala sikutanthauza kuti mulibe matenda.

Mantha akuti khansa ikakhudzidwa ndi mpeni imalusa ndi ofala. Biopsy siifalitsa melanoma. Anthu amene anafooka atangochitidwa opaleshoni anali atafika kale mochedwa.

Papepala la zotsatira fufuzani zinthu zitatu: kuya m'mamilimita, ngati pamwamba pake panali patasanduka chilonda, komanso ngati m'mphepete mwa chidutswacho munatsala khansa. Chilonda pamwamba chimakweza kuopsa ngakhale kuya kukhale komweko.

Opaleshoni yeniyeni

Ngakhale banga lonse linachoka pa biopsy, pamafunika opaleshoni yachiwiri yochotsa khungu lozungulira chipsera, chifukwa timaselo tosaoneka ndi maso timakhala titamwazikira m'mbali. Kukula kwa khungu lochotsedwa kumatsata kuya kuja. Khansa imene ikadali pamwamba penipeni imafuna theka la sentimita mpaka sentimita 1. Yosapitirira milimita 1 imafuna sentimita 1. Ya pakati pa milimita 1 ndi 2 imafuna sentimita 1 mpaka 2. Yoposa mamilimita 2 imafuna masentimita 2 mbali zonse. Kupitirira pamenepa sikuwonjezera moyo, kumangokulitsa bala.

Khungu la pansi pa phazi silitamuka, choncho dzenje lotsalalo nthawi zambiri amalitseka ndi khungu lopyapyala losendedwa pantchafu. Khungu lomatali limakhala ngati mbande yowokedwa kumene: limafuna masiku angapo osagwedezeka kuti ligwire. Bandeji yoyamba imatsegulidwa patatha masiku asanu kapena kuposerapo. Zimene zimalipha ndi magazi osonkhana pansi pake, mafinya, kuponda msanga, ndi fodya, amene amafinya mitsempha ing'onoing'ono. Gonekani phazi pamtsamiro, yendani ndi ndodo za kuchipatala mpaka dokotala atakulolani kuponda, ndipo mukayamba kuyenda valani nsapato yofewa mkati. Pantchafu paja pamapola m'masabata awiri, ngakhale kuti masiku oyamba pamawawa kuposa kuphazi.

Ngati khansa ili pansi pa chikhadabo ndipo yazama, kawirikawiri amadula chalacho pa mfundo. Ambiri akamva zimenezi amathawa, n'kubwera patatha chaka mwendo wonse utagwidwa. Munthu wopanda chala chimodzi, ngakhale chachikulu, amayenda, amalima, amapalasa njinga.

Mwanabele

Madzi a m'thupi ochokera kuphazi amadutsa m'tizigawo tosefa ta mphechepeche, a kudzanja amadutsa m'khwapa. Kumeneko ndi kumene melanoma imayamba kufikira. Mwanabele wobwera ndi chilonda cha mafinya amapweteka ndipo amaphwa chilonda chikayera. Wa khansa amakhala wolimba ngati mwala, sapweteka, ndipo amangokula. Akapezeka, amamuunika ndi sikani n'kumubaya kasingano kuti atengeko timaselo. Akatsimikizika, opaleshoni imachotsa tizigawo tonse ta mbali imeneyo, ndipo wodwala amakhala masiku angapo ndi kapaipi kotulutsa madzi.

M'zipatala zokhala ndi zida zake, ngati khansa yazama kuyambira pafupifupi milimita 1 koma mwanabele sakumveka, amabaya utoto wabuluu ndi mankhwala ounikira pafupi ndi chipsera, n'kutsata kumene akupita, n'kuchotsa kachigawo koyamba kokha kukayeza. Komwe njirayi palibe, m'malo mwake pamakhala kupimidwa ndi manja ndi sikani pafupipafupi.

Vuto lotsalira pambuyo pochotsa tizigawoti ndi kutupa kwa mwendo, chifukwa madzi asowa podutsa. Sikutheratu, koma kumachepa mukamakweza mwendo pogona, kuumanga ndi bandeji yotamuka kuyambira kuzala kukwera m'mwamba, kuyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse, ndi kusunga khungu laukhondo lodzola mafuta. Musayende opanda nsapato. Mwendo umenewu ukafiira, kutentha, thupi n'kumazizidwa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukalandire maantibayotiki.

Ikafalikira m'thupi

Madokotala amagawa matendawa m'masiteji. 0, 1 ndi 2 ndi pamene ili pakhungu pokha. 3 yafika kwa mwanabele kapena yatulutsa timibulu takuda m'njira yochokera kuphazi kupita mphechepeche. 4 yafika kutali. Imakonda mapapo, chiwindi, ubongo ndi mafupa. M'mapapo imabweretsa chifuwa chosatha ndi befu, moti ena amayamba kuganiziridwa TB. M'chiwindi imabweretsa kusowa chilakolako cha chakudya, kuwonda, kutupa mimba ndi chikasu. Mu ubongo ndi mutu wowawa kwambiri m'mawa, kusanza, kufooka mbali imodzi kapena kugwa ngati wakhunyu. Pofufuza amajambula X-ray ya pachifuwa, sikani ya pamimba, ndi sikani yoona mkati mozama ya CT komwe ilipo.

Kwa zaka zambiri mankhwala odalirika anali dacarbazine, wa m'diripu, amene amachepetsa khansa mwa wodwala mmodzi kapena awiri pa khumi, kwa nthawi yochepa. Zinthu zinasintha kuyambira 2011 pamene ipilimumab anavomerezedwa ku America, kenako pembrolizumab ndi nivolumab mu 2014. Awa sapha khansa okha. Khansa imadziwa kumanga mabuleki a asilikali a m'thupi, ndipo mankhwalawa amamasula mabulekiwo. Ofufuza amene anatulukira zimenezi, James Allison ndi Tasuku Honjo, analandira mphoto ya Nobel mu 2018. Pembrolizumab amaperekedwa m'diripu, mamiligalamu 200 masabata atatu alionse kapena 400 masabata asanu ndi limodzi alionse. Amaperekedwanso kwa chaka chimodzi pambuyo pa opaleshoni kwa amene khansa yawo ili ndi mpata waukulu wobwerera. Anthu ena a siteji 4 akhala zaka zambiri chifukwa cha iwo. Tiyenera kunenanso zoona zake: pa melanoma ya kuphazi sagwira bwino ngati pa yobwera ndi dzuwa, ndipo mtengo wake ndi wokwera moti mabanja ambiri sangaukwanitse, ngakhale bungwe la WHO linaika pembrolizumab ndi nivolumab pa mndandanda wa mankhwala ofunika mu 2019.

Amene akulandira mankhwalawa adziwe kuti asilikali omasulidwa aja amatha kutembenukira thupi lomwe. Kutsegula m'mimba kanayi kapena kuposa patsiku kuwonjezera pa masiku onse, chifuwa chatsopano ndi befu, maso achikasu, kutopa kodabwitsa, zonsezi si zogulira mapiritsi pagolosale. Zimafuna dokotala amene akudziwa kuti muli pa mankhwalawa, chifukwa chithandizo chake ndi prednisolone kapena anzake, ndipo zimatha kubwera ngakhale patatha miyezi diripu itatha.

Gulu lina ndi la mapiritsi, dabrafenib ndi trametinib, amene amagwira pokhapokha ngati khansayo ili ndi kusintha kwa jini (kachidutswa ka malangizo achibadwa a m'maselo) yotchedwa BRAF. Kusinthaku kumapezeka pafupifupi mu theka la melanoma ya azungu, koma mu ya kuphazi ndi mmodzi mwa asanu kapena kucheperapo. Choncho asagulidwe kanyama kasanayezedwe. Amagwira msanga, amabweretsa kutentha thupi kawirikawiri, ndipo mwa ambiri khansa imadzawazolowera. Kuwotcha ndi makina a radiotherapy kumathandiza makamaka pa ubongo ndi pa fupa lowawa. Amene ali pa ma ARV apitirize kumwa nthawi yonseyi.

Pamene kuchiza kwakanika, chithandizo sichinathe. Morphine wamadzi, womwa maola anayi alionse motsata wotchi osati podikira ululu, amabwezera munthu tulo ndi kudya. Amamanga m'mimba, choncho azipita limodzi ndi mankhwala ofewetsa chimbudzi kuyambira tsiku loyamba. Chilonda chonunkha chimatsukidwa ndi madzi owiritsa othira mchere pang'ono, supuni yaing'ono imodzi m'theka la lita, kenako n'kuwazapo mapiritsi a metronidazole osinja. Fungo limachepa m'masiku ochepa ndipo abale amayambanso kukhala pafupi. Bandeji ikamatirira, inyowetseni musanaichotse kuti pasatuluke magazi. Chisamaliro chotere chimapezeka m'malo monga Tiyanjane ku Queen Elizabeth ndi Ndi Moyo ku Salima, komanso m'zipatala za m'maboma.

Mukatuluka m'chipatala

Melanoma ikafuna kubwerera, nthawi zambiri imatero m'zaka zitatu zoyambirira, koma imathanso kudikira zaka khumi. Pachiyambi mudzapemphedwa kubwera miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi iliyonse, kenako kamodzi pachaka. Sungani pepala la zotsatira za kulabu, mulijambulenso pafoni, chifukwa dokotala aliyense watsopano adzayamba kufunsa kuya kuja.

Pakati pa maulendowa, kamodzi pamwezi, yambani ndi chipsera: onani m'mphepete mwake ngati mwabwera kuda kwatsopano, ndipo sisitani ndi chala kumva ngati pansi pali kambulu. Kenako yendetsani chikhatho pang'onopang'ono kukwera nacho mwendo, kukatumba, kuseri kwa bondo, mkati mwa ntchafu. Gonani chagada, pindani bondo pang'ono, kanikizani ndi zala zitatu mphechepeche mozungulira, n'kuyerekeza ndi mbali inayo. Mukatha, yang'anani phazi linalo ndi zikhadabo zonse, chifukwa amene anadwalapo kamodzi ali ndi mpata wokulirapo wotuluka ina yatsopano. Mukapeza kambulu kolimba kamene katha masabata awiri osaphwa, musadikire tsiku lolembedwa m'buku.